Puloteni Yoperekera Umboni pa Khansa ya M'matumbo

M'mwezi wa June 2016, mtsogoleri wa chipani chotsutsa boma ku Zimbabwe, a Morgan Tsvangirai, adaulula kuti madokotala awapeza ndi khansa ya m'thumbo lalikulu. Adamwalira pa 14 February 2018 ku Johannesburg ali ndi zaka 65. Imfa yawo idakumbutsa chigawo chino kuti nthendayi si ya azungu okha, ngakhale kuti m'chaka cha 1971 dokotala Denis Burkitt adalemba kuti inali yosowa pakati pa anthu akumidzi mu Africa chifukwa cha zakudya zawo zagaga. Kadyedwe kasintha, ndipo nthendayi ikukula. Bungwe la IARC lidawerengera kuti mu 2022 anthu oposa 1.9 miliyoni adapezeka nayo pa dziko lonse, ndipo oposa 900,000 adamwalira.

Khansayi imayenda monyang'ama. Kawirikawiri imayamba ngati kachotupa kosapweteka m'kati mwa thumbo, ndipo pamatha zaka khumi kapena kuposerapo kasadasanduke khansa. Njira yotsimikizika yokaonera ndi colonoscopy, pomwe dokotala amalowetsa m'thumbo kapaipi kokhala ndi kamera. Koma zipangizo zake n'zodula ndipo odziwa kuzigwiritsa ntchito ndi owerengeka. N'chifukwa chake akatswiri akhala akufunafuna mapuloteni omwe angaulule za nthendayi kudzera m'magazi kapena m'chimbudzi.

Yotchuka kwambiri ndi carcinoembryonic antigen, mwachidule CEA, yomwe adaitulukira Phil Gold ndi Samuel Freedman pa yunivesite ya McGill ku Canada mu 1965. Puloteniyi imapangidwa yambiri m'matumbo a mwana ali m'mimba, kenaka imachepa zedi iye akabadwa. Zotupa zambiri za khansa ya m'matumbo zimayambanso kuipanga n'kumaitayira m'magazi. Poyamba ambiri adaganiza kuti fisi wagwidwa: kungoyeza magazi, khansa yadziwika.

Sizidatero. Anthu ambiri omwe khansa yawo ikadali yaing'ono, pomwe opaleshoni ingawachiritse, CEA yawo imakhala yosakwera. Komanso imakwera mwa osuta fodya, odwala chiwindi, otupa matumbo ndi odwala khansa za ziwalo zina. Mboni yotereyi ingamasule wolakwa n'kumangitsa wosalakwa. Motero madokotala sailimbikitsa ngati njira yofufuzira khansa mwa anthu omwe sakudwala, ndipo munthu amene walipira kulabotale kuti amuyeze CEA "pongofuna kudziwa" wagula nkhawa kapena mtendere wabodza.

Ntchito yake yeniyeni imayamba munthu akapezeka kale ndi nthendayi. Amamuyeza asadalowe m'fiyeta kuti adziwe poyambira. Mlingo woposa mananogalamu 5 pa mililita ndiwo ambiri amauona wokwera. Ngati chotupa chachotsedwa chonse, CEA imatsika pakatha masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Ikakana kutsika, mwina china chatsalira. Kuchokera apo wodwala amayezedwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse kwa zaka zingapo, ndipo dokotala amayang'ana kayendedwe ka manambalawo, osati nambala ya tsiku limodzi. Ikamakwera motsatizana, amalamula sikani, makamaka ya chiwindi ndi mapapo komwe khansayi imakonda kuthawira.

Phindu lake lidayesedwa ku England pa kafukufuku wa FACS, wokhudza odwala 1,202, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2014. Mwa omwe ankayezedwa CEA pafupipafupi, 6.7 pa 100 alionse adapezeka kuti khansa yabwerera ikadali yotheka kuchotsedwa ndi opaleshoni, pomwe mwa omwe sankatsatidwa kwenikweni adali 2.3 okha. Komabe chiwerengero cha omwalira sichidasiyane mooneka. Chilungamo chake n'chakuti CEA imagula nthawi, ndipo nthawiyo ili ndi ntchito pokhapokha pali dokotala wokhoza kudula chiwindi ndi mankhwala otsatirapo.

Pofufuza nthendayi mwa anthu ooneka athanzi, puloteni yomwe yapambana ndi yodziwika kale: himogulobini, ija imafiiritsa magazi. Zotupa za m'thumbo zimadontha magazi ochepa osaoneka ndi maso, ndipo kayezedwe kotchedwa FIT kamawazindikira m'kachimbudzi kochepa komwe munthu amatapa yekha kunyumba. Sikafuna kusala zakudya monga kayezedwe kakale, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Dziko la England lidakalowetsa m'ndondomeko yake mu 2019. Ku America, mu 2021, akatswiri adatsitsa zaka zoyambira kuyezetsa kuchoka pa 50 kufika pa 45, popeza nthendayi ikuchuluka mwa ocheperapo msinkhu. Katswiri wa mafilimu Chadwick Boseman adamwalira nayo mu 2020 ali ndi zaka 43.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mfundo yake yovuta kumasula. FIT imaona magazi, osati khansa, ndipo magazi m'chimbudzi amabweranso ndi likodzo la m'matumbo, kamwazi ndi matenda a mudzi. Pa kafukufuku wa ku Nigeria yemwe adafalitsidwa mu 2022, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse oyezedwa adapezeka ndi magazi, koma okhala ndi khansa adali ochepa kwambiri. Aliyense wa iwo ankafunika colonoscopy. Unduna wa zaumoyo womwe ungagawe timabotolo ta FIT usadachulukitse makamera ndi ophunzira kuwagwiritsa ntchito ungopanga mzere wautali wa anthu amantha.

Vuto lina ndi lotembenuza lomweli, ndipo ndi loopsa koposa. Wodwala amatha kulandira mankhwala a kamwazi kapena a njoka za m'mimba kachiwiri, kachitatu, chotupa chikukula mwakachetechete. Munthu yemwe akutuluka magazi mobwerezabwereza atamwa kale mankhwala, yemwe kachitidwe kake ka chimbudzi kasintha kwa masabata angapo, akuwonda popanda chifukwa kapena magazi akumuchepera m'thupi, ayenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu kuti akamuunike m'thumbo, ngakhale CEA yake itaoneka yabwinobwino. Chimodzimodzi yemwe kholo kapena m'bale wake wabere limodzi adadwalapo nthendayi: ameneyu amayamba kuyezetsa msanga, kawirikawiri ali ndi zaka 40.