Madola 10 akamubweza, madola 5 akamumasula

Tikamva pa nyuzi kuti andale amene anali kukangana agwilana canza, ambili a ife timasangalala. Koma pali funso limene timaiwala kufunsa: mgwilizano umenewo adzaulipila ndani? Zimene zinacitika ku America mu 1850 zionetsa cifukwa cake funsoli n'lofunika.

Pa nthawiyo zigawo za kum'mwela kwa dzikolo zinali kulemela ndi thukuta la akapolo acikuda m'minda ya thonje, pamene zigawo za kumpoto zinali zitaletsa ukapolo. Cigawo catsopano cikafuna kulowa m'dzikolo, mkangano unali kubuka: cilowe ndi ukapolo kapena ai? Mu 1820 anamvana kuti Missouri alowe ndi akapolo, Maine alowe wopanda. Mu 1850 Henry Clay ndi Stephen Douglas anakonza mgwilizano wina. A kumpoto anapatsidwa California wopanda ukapolo, ndipo malonda a akapolo analetsedwa mumzinda wa Washington. A kum'mwela anapatsidwa lamulo lolimba logwilila akapolo othawa, limene Pulezidenti Millard Fillmore anasaina pa 18 September.

Onani mmene lamulolo linali kugwilila nchito. Munthu wogwidwa sanali kuloledwa kupeleka umboni pa mlandu wake. Woweluza anali kulandila madola 10 akagamula kuti munthuyo abwezedwe kwa "mwini wake", koma madola 5 cabe akamumasula. Wobisa kapena kuthandiza wothawa anali kulipila madola 1,000 ndi kupikidwa miyezi 6. Ngakhale munthu wamba wopita m'njila anali kulamulidwa kuthandiza kugwila. Anthu acikuda obadwa mfulu naonso analowa m'mavuto, popeza analibe mpata wodziteteza. Ambili anathawila ku Canada, ndipo Harriet Tubman anayamba kuwolotsela kumeneko anthu amene anali kuwapulumutsa.

Mu 1854 mumzinda wa Boston anagwila Anthony Burns, mnyamata wothawa ku Virginia. Boma la Franklin Pierce linatumiza asilikali kuti amupelekeze mpaka ku sitima ya pamadzi, khamu la anthu likuyang'ana m'miseu. Ambili mwa iwo anali kuona ukapolo ngati nkhani ya kutali. Tsiku limenelo unadutsa pakhomo pao, ndipo lamulo linali kufuna kuti iwo atengeko mbali. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Ena adzati atsogoleliwo anali kupewa nkhondo. Ndiye mfundo imene Daniel Webster, wa kumpoto, anaimapo pocilikiza mgwilizanowo. Mantha ake anali oona, ndipo sitiwaseka. Koma mtendele umene anagula unakhala zaka 11 cabe. Nkhondo inabuka mu 1861 ndipo inapha anthu oposa 600,000. Lamulo logwila othawa linafafanizidwa mu 1864, ukapolo n'kutha mu 1865.

Ngakhale nkhondoyo ikanapeweka, mgwilizanowo ukanakhalabe wolakwa. Kumvana pa za misonkho kapena malile n'kwabwino, cifukwa aliyense amataya cake. Koma mu 1850 mbali zonse ziwili zinatenga ufulu wa munthu wacitatu, amene analibe voti kapena mpando pa zokambilanazo, n'kuusandutsa ndalama yolipilila mtendele wao. Clay, Douglas ndi Webster anabwelela kunyumba zao. Burns anabwelela mu unyolo, mpaka anthu a ku Boston anasonkha madola 1,300 n'kumuombola caka cotsatila.

Ife acinyamata tidzaona migwilizano yambili m'moyo wathu, m'ndale, ku nchito ndi m'makomboni mwathu. Tisafulumile kuomba m'manja poona akulu-akulu akumwetulila pa cithunzi. Tiyambe tawelenga amene asaina, ndiyeno tifunse za amene sanaitanidwe. Ngati mtengo wonse wagwela pa iwo, tikane kucha zimenezo mtendele.