Chuma chidabwera ndi mkazi, mpando ngwa amuna okha

Amayi ndi abambo a pamsika, sabata ino tisiye kaye za mitengo ya matimati, tisuzumire ku Mangalande komwe mabanja ena amasiyirana maudindo ngati ufumu wa kumudzi.

Udindo wina kumeneko ndi wa Duke of Westminster, wa banja la a Grosvenor. Adawapatsa ndi Mfumukazi Victoria mu 1874, koma chuma chawo nchakale kuposa apo. Mu 1677, Sir Thomas Grosvenor adakwatira Mary Davies, kamtsikana ka zaka 12 zokha, komwe kadali ndi malo a madambo kunja kwa London. Tauni itakula, madambo aja ndiwo adasanduka Mayfair ndi Belgravia, komwe lendi yake ngakhale mabwana amakanda nayo mutu. Inu olipira lendi ya shopu mukudziwa kuti mwini malo sagona ndi njala.

Tsono imvani lamulo lake. Ati udindowu umapita kwa mwana wamwamuna basi. Duke wachiwiri adakwatira kanayi, koma mwana wake wamwamuna mmodzi yekhayo adamwalira ali ndi zaka 4. Mkuluyu atatsikira kulichete mu 1953, ana ake aakazi awiri adangoonerera mpando ukupita kwa mwana wa abambo ake aang'ono.

Mu 2016 zidachitikanso. Duke wachisanu ndi chimodzi, a Gerald Grosvenor, adamwalira ali ndi zaka 64. Mpando udalumpha ana aakazi awiri aakulu nkukagwera mlongo wawo Hugh, mnyamata wa zaka 25.

Koma abale, fisi akatola fupa sayang'ana kutsogolo. Lamulo lomweli tsopano latembenukira eni ake. Hugh adakwatira mu 2024, ndipo mwana yemwe adabadwa mu 2025 ngwamkazi. Akapanda kubadwa wamwamuna, udindo wa Duke uja uthera pomwepo, poti kulibenso mwamuna wina wa mzere umenewo woti nkuulowa.

Chodabwitsa nchoti pa mpando wa mfumu ya dziko lonse, aphungu a ku Britain adakonza kale lamulo mu 2013 kuti woyamba kubadwa alowe, kaya ndi mkazi kaya mwamuna. Pa maudindo enawa, zii.

Amayi, inu amene mumadzuka tambala woyamba kukapikula katundu, tandiuzani: malo adabwera ndi mtsikana, ndiye chikuvuta nchiyani kuti mtsikana akhale pampando?