Anangumi a mu foni sakhala m'nyanja

Lachiwiri lililonse madzulo ndimacheza pa intaneti ndi mnzanga wina wa ku Chengdu. Iye amanola Chingerezi chake, ine ndimapunthwa ndi Chitchaina. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Kodi whale si fish?" Ndinaseka kaye, kenaka nkumuuza kuti ayi, nangumi ndi nyama yoyamwitsa, amapuma ndi mapapo, amabereka mwana osati kuikira mazira. Iye osagonja. Akuti kwawo amati jingyu, ndipo yu ameneyo ndiye nsomba. Ngakhale chilembo cha jing chili ndi kachizindikiro ka nsomba kumanzere kwake. Mwana wa ku China sangalembe nangumi asanalembe nsomba.

Kuseka kuja kunatha nditakumbukira kuti ifenso tinakula ndi chinsomba cha Yona ku Sande sukulu. Eni Chingerezi nawonso anavutika nazo. Baibulo la King James la 1611 limati chinameza Yona ndi nsomba yaikulu, koma pa Mateyu 12:40 lomwelo limati whale. Carl Linnaeus anachotsa anangumi m'gulu la nsomba mu 1758, komabe mu 1818 nkhaniyi inafika mpaka kukhoti ku New York. Wamalonda wina, Samuel Judd, anakana kulipira ndalama yoyezetsera mafuta a nsomba, nkumati ake ndi a nangumi. Mlandu unamugwera. Oweruza anati nangumi ndi nsomba basi.

Chingerezi chimawonjezanso chisokonezo. Killer whale ndi wa m'banja la ma dolphin, pomwe whale shark ndi nsomba yeniyeni, yaikulu kuposa nsomba zonse. Pakamwa pa anthu ambiri, whales ndi dziko la Wales zimamveka chimodzimodzi. Ndipo mnzako akati "we had a whale of a time", usamufunse kuti anapita kunyanja iti. Akungotanthauza kuti ananjoya heve.

Koma zonsezi sizimene zinamubweretsa mnzangayo. Pamapeto pake ananditumizira chithunzi cha uthenga wa m'gulu lina la pa Telegram, la anthu ogula ndalama za pa intaneti, zimene timangoti crypto. Uthengawo unkati "whales are buying", ndipo pansi pake panali dzina la kandalama kena kamene sindinakamvepo. Tanthauzo anali akulidziwa kale, poti ku China nawonso amati jujing, nangumi wamkulu. Chimene ankafuna kwa ine ndi kuti ndimuuze kuti ndi nkhani yabwino.

Pa crypto, whale ndi munthu kapena kampani imene yasunga ndalama zambiri za mtundu umodzi, moti ikagula kapena kugulitsa, mtengo umagwedezeka. Tanthauzo ngati lomweli lili m'nyumba za juga ku Macau ndi Las Vegas, kumene whale ndi munthu wobetcha ndalama zoopsa, amene amampatsa chipinda chaulere kuti asachoke. M'magemu a pa foni, whale ndi uja amagula ndi kugula tinthu ta m'gemumo, mpaka kulipirira ena onse osewera ulere.

Taonani amene amatchula dzinali m'malo awiri omalizawo. Si wobetchayo ayi, koma mwini nyumba. Kwa iye nangumi ndi nyama yosakidwa, monga ankachitira alenje a m'nyanja ofuna mafuta. Ine chimandiwawa nchakuti pa crypto mawu omwewa agadabuzika. Wosakidwa ndi iwe wa ndalama zochepa, ndipo dzina la nangumi ndiye nyambo.

Nzoona kuti pa Bitcoin ndi ndalama zina zotere aliyense angathe kuona kuti chuma chochuluka chasamuka kuchoka pa adiresi iyi kupita pa iyo. Chimene sichioneka ndi chifukwa chake. Mwina munthu wangosamutsa zake kuchoka m'thumba lina kupita m'thumba lina. Mwina akuzipititsa kumsika kuti agulitse. Ndipo amene wasunga zambiri sangagulitse popanda ogula ambirimbiri. Ogulawo angawapeze kuti? M'magulu ngati lija, mwa achinyamata amene auzidwa kuti anangumi akugula, inunso thamangani.

Ndinamufotokozera zonsezi m'Chingerezi chapang'onopang'ono, iye akulemba m'kope mwake monga mwa masiku onse. Nditamaliza anakhala chete kanthawi, kenaka nkuulula kuti anali ataikamo kale theka la malipiro ake a mwezi umenewo.

Lachiwiri lotsatira tinagwirizana kuti tiphunzire mayina a zakudya. Sizinatheke. Ola lonse linathera pa mawu awiri, sell ndi withdraw, komanso pofufuza chifukwa chimene batani lachiwirilo linkakanira kugwira ntchito.