PAKHONDE PA KATEKISTA: Wokuwizidwa Nayenso Ndi Munthu

Ku maiko a Azungu kuli mpikisano wa njinga zamoto wochedwa speedway. Okwera anai amazungulira bwalo ladothi kanai pa njinga zopanda mabuleki. Akuluakulu okonda masewerawa sanaiwalebe udani wa Kenny Carter wa ku England ndi Bruce Penhall wa ku America.

Mu 1982, polimbirana ukatswiri wa dziko lonse ku Los Angeles, awiriwa anapanikizana pokhota, Carter nagwa. Woweruza anamucotsa pa liwiro limenelo, ndipo Penhall anatenga cikho. Kufikira lero ena amati Carter anagwetsedwa, ena amati anagwa yekha. Pokhala wolankhula modzitama, Carter anali kukuwizidwa m'mabwalo ambiri, makamaka ku Cradley Heath, kwao kwa timu ya Penhall. Mu 1986, ali ndi zaka 25, anapha mkazi wace nadzipha, kusiya ana awiri amasiye.

Sindinena kuti kukuwiza ndiko kunabala chimo loopsali. Komatu khamu lija linali kuona mdani cabe, osaona mtima wosautsika.

Nanga ife kuno ku Lundazi? Pa Sabata masana, titangocoka ku Misa, timaima pa bwalo la mpira ndi kunyoza mnyamata wa mudzi wina, kutukwana ngakhale amai ace. Ameneyo ndi mwana wa mnzathu, colengedwa ca Mulungu monga ife. Cemererani timu yanu mwamphamvu, koma mpira ukatha kamgwireni canza. Paja akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.