Peri-peri: tsabola ndi wathu, nanga phindu?

Sabata yatha mnzanga anaika chithunzi pa WhatsApp akudya nkhuku ya peri-peri pa lesitilanti ina yapamwamba ku Lilongwe. Akuti ndi chakudya cha Chipwitikizi. Mtengo wake, abale inu! Kwathu ku Mponela ndalama imeneyo mubwera nazo nkhuku zachikuda zamoyo.

Koma Chipwitikizi chake chili pati? Tsabola kwawo ndi ku America. Apwitikizi ndiwo anamufikitsa ku Africa pa zombo, monganso chinangwa. Ku Mozambique, dziko lomwe ankalilamulira, anthu anayamba kusakaniza tsabola ndi adyo, mandimu, mchere ndi mafuta, n'kumawotchera nkhuku pamakala. Mu 1987, Fernando Duarte ndi Robbie Brozin anagula kamalo kodyera kotchedwa Chickenland ku Rosettenville, mu Johannesburg, n'kukatcha Nando's. Lero nthambi zawo zafika mpaka ku London, ndipo tsabola wina amene amagwiritsa ntchito amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono m'Malawi muno.

Ndiye taganizani. Tsabola, mandimu, nkhuku, zonsezi zilipo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Ife timagulitsa pamulu m'mbali mwa msewu. Wina amangoviika nkhukuyo usiku wonse, kuwotcha pang'onopang'ono, kuika pambale yoyera, basi ndalama yachuluka.

Achinyamata anzanga, tisamangojambula mbale za eni. Loweruka lino sinjani tsabola wa kudimba kwa agogo, muyesere pa mbaula. Anthu akanyambita zala, muwerengere mtengo.