Nyanja si dzala, wodya nsomba auzidwe zoona

Pagombe la Cumbria, kumpoto chakumadzulo kwa England, pali fakitale ya nyukiliya yotchedwa Sellafield, imene kale inkadziwika kuti Windscale. Kuyambira mu 1952 fakitaleyi yakhala ikutaya madzi ake otsalira m'nyanja ya Irish Sea kudzera m'mipope yolowa m'nyanjamo mtunda wa makilomita pafupifupi 2. Madziwo amakhala ndi tizinthu totulutsa cheza cha nyukiliya, chimene chikachuluka m'thupi chimatha kuyambitsa khansa. Maganizo a akuluakulu anali akuti nyanja ndi yaikulu, isungunula zonse.

Ine ku yunivesite ndinachokako ndisanatenge digiri, choncho sindidzitcha katswiri. Koma funso langa silifuna digiri: kodi zikasungunukazo zimapita kuti, ndipo amazidya ndani?

Zoona zake n'zakuti zamoyo za m'nyanja zimatolera zimene madzi amwaza. Pagombe la Cumbria pamamera ndere zina zodyedwa. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anthu ankazikolola n'kuzitumiza kumwera kwa Wales, kumene amaphika ndiwo yotchedwa laverbread. Nderezo zinkayamwa ruthenium-106 wochokera m'mipope ija. Mapeto ake, amene ankalandira cheza chochuluka sanali osambira pafupi ndi fakitale ayi, koma odya ndiwo imeneyi okhala makilomita mazanamazana kuchoka pamenepo.

Asayansi a boma ankazidziwa izi ndipo ankayeza. Mu 1958, pamsonkhano wa United Nations ku Geneva, a John Dunster, katswiri wa bungwe la nyukiliya la Britain, anafotokoza kuti zotayazo ankazichulutsa dala kuti aone m'mene zikuyendera mu nsomba, m'ndere ndi mumchenga. Kodi mayi wogula ndiwo zake pamsika ku Swansea, anamufunsa ndani ngati akulola kukhala nawo m'kafukufuku ameneyu?

Mu Novembala 1983 zinyalala zoopsa kwambiri zinatuluka m'mipopemo n'kukocheza pagombe. Anthu a bungwe la Greenpeace amene ankamira pafupi ndi mipopeyo anazitulukira, boma linachenjeza anthu kuti apewe gombelo kwa miyezi ingapo, ndipo mu 1985 kampani ya BNFL inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 10,000 basi. Mwezi womwewo wa Novembala, atolankhani a Yorkshire Television anaulula kuti m'mudzi wa Seascale, pafupi ndi fakitaleyi, ana odwala khansa ya m'magazi anali ochuluka kuposa m'mene zimayembekezekera.

Apa ndiyenera kunena mwachilungamo. Komiti ya Sir Douglas Black inatsimikiza mu 1984 kuti odwalawo analidi ochuluka, koma inapeza kuti cheza chimene anawerengera kuti anawo analandira chinali chochepa kwambiri moti sichikanabweretsa matenda onsewo. Lero odya kwambiri nsomba, nkhanu ndi nkhono za m'derali amalandira cheza chosafika malire a lamulo, amene ndi millisievert imodzi pachaka. Sindikufuna kuopseza munthu.

Koma taonani chimene chinatsitsa manambalawo. Atolankhani ataulula ndipo anthu atakwiya, kampani inachepetsa kwambiri zotaya zake m'zaka za m'ma 1980. Kuyambira mu 1994 technetium-99, amene mphamvu yake imatenga zaka zoposa 200,000 kuti itsike ndi theka, anachuluka m'nkhanu za ku Cumbria mpaka anapezeka m'ndere za ku Norway. Maiko a Norway ndi Ireland anadandaula kosalekeza, ndipo mu 2004 njira yomusefera inayamba kugwira ntchito. Mwana wosalira amafera pamsana. Ntchito yoyenga mafuta a nyukiliya otha ntchito inatha ku Sellafield mu 2022, koma plutonium wa zaka za m'ma 1970 akadali m'matope a pansi pa nyanjayo. Madzi akatayika saoleka.

Nkhaniyi si yakale. Pa 24 Ogasiti 2023 dziko la Japan linayamba kutayira m'nyanja madzi osefedwa a ku Fukushima, oposa matani 1.3 miliyoni. Bungwe la IAEA linati cheza chofika kwa anthu n'chochepa zedi, koma asodzi a kumeneko anakana, pokumbutsa lonjezo la mu 2015 lakuti palibe chidzatayidwe iwo asanamvetse. Ifenso tili ndi mgodi wa yureniyamu ku Kayelekera, m'dera limene mitsinje yake imathira mu North Rukuru, kenaka m'nyanja yathu.

Choncho maganizo anga ndi awa. Wotaya madzi asakhale yemweyo woyeza yekha. Poyeza asangotunga madzi, ayeze nsomba, nkhono ndi matope, ndipo awerengere munthu wodya kwambiri, amene kawirikawiri ndi msodzi ndi ana ake. Zotsatira zake zisindikizidwe poyera, m'chinenero chimene msodziyo amamva, paipi isanatsegulidwe. Ngati madziwo alidi abwino, palibe chobisa. Munthu ali ndi ufulu wodziwa zimene zili m'mbale yake.