Wotchi imakumbukira njira, koma maso asagone



Pa tchuthi cha Khirisimasi, mmodzi mwa ana anga akale anabwera kuchokera ku Joni atavala wotchi yamakono ija imayankhulana ndi foni. Loweruka lina tinatengana anthu anayi kupita kumapiri a ku Thambani kukafuna bowa. Tikusiya njinga pamsewu, mnyamatayo anadina wotchi yake nati, "Sala, lero kusochera kulibe."

Cha m'ma 2 koloko mvula inagwa yamphamvu, kenako chifunga chinakuta phiri lonse. Mitengo yonse ya masuku inangofanana. Ine mphunzitsi wa Jogalafe sindinadziwenso kuti kumpoto n'kuti. Ndipo mukudziwa kuti kuno ukalakwitsa njira pang'ono chakumadzulo umapezeka uli ku Mozambique wopanda chiphaso. Mnyamata uja anayang'ana pamkono, kamuvi kanaloza, ife n'kumatsatira. Kunena zoona, wotchiyo inatithandiza.

Matsenga palibepo. Mumlengalenga, pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, mumazungulira masetilaiti a GPS osachepera 24. Wotchi ikamva anayi mwa iwo imawerengera pamene mwaima. Mukamayenda imasunga timadontho ta malo amene mwaponda, ndipo mukafuna kubwerera imakulondoletsani timadontho tomweto. Mawotchi a Garmin amatcha zimenezi TracBack, pomwe a Apple anaika Backtrack m'mawotchi awo mu 2022. Pa ntchito imeneyi sipafunika mayunitsi kapena netiweki ya foni.

Koma imvani zimene zinatsatira. Tinafika pakhwawa lomwe m'mawa tinadumpha osanyowa n'komwe, tinapeza madzi ofiira akukokolola zitsa. Wotchi inkangoloza tsidya, chifukwa m'pamene tinadzera. Batire nalo linali litatsala pang'ono, poti GPS imadya moto kwambiri. Anatipulumutsa ndi kamnyamata kena koweta mbuzi, kosavala ndi nsapato zomwe. Kanati, "Bambo, kwerani chakumtunda, mukaona chulu chachikulu pali mtengo wogwa, muwolokere pamenepo." Safunsa anadya phula. Ife tinafunsa, ndipo tinafika panjinga zathu kusanade.

Maganizo anga tsono ndi awa. Wotchi imakumbukira kumene mwadzera, koma dzikolo sililidziwa. Siidziwa kuti mtsinje wadzadza kapena kuti mlatho wapita, monga inapitira milatho yambiri kuno kummwera pa namondwe wa Freddy mu 2023. Mukaiwala kuidina ponyamuka, mwina singakhale ndi njira yokubwezerani. Mukasankha kuti ikulozereni molunjika kumene munayambira, idzakulozerani ngakhale pakati pali phompho.

Ndamvapo anzanga ena mu sitafu akunena kuti kuwerenga mapu n'kwachikale, timangophunzitsa chifukwa kumabwera pa mayeso a MSCE. Apa ndikukana. Mwana amene amadziwa kuti mizere ya pamapu ikathithikana ndiye kuti malowo ndi otsetsereka kwambiri, angathe kuitsutsa wotchi ikamamulozera kuchigwembe. Amene sadziwa adzangotsatira kamuvi ngati nkhosa. Komanso ndi makolo angati kuno, odalira manachesi a pachaka, amene angagulire mwana wotchi yotere? Maso ndi mutu aliyense ali nazo kale.

Sindikunyoza chipangizochi ayi. Vuto lathu ndi loti mapu timaphunzitsira pabolodi, mwana n'kumaliza Fomu 4 asanagwirepo kampasi. Tiyeni tiwatulutse panja. Ayende kuchokera pasukulu kukafika paphiri lapafupi, ajambule njirayo papepala poona mitsinje, zulu ndi mitengo ikuluikulu, kenako afananize ndi mzere umene foni kapena wotchi yasunga. Phunziro limenelo sadzaliiwala.

Kwa inu amene mumatenga ana a kalabu ya zachilengedwe kupita kutchire, pempho langa ndi ili: tchajani chipangizo chanu mokwanira, chidineni musanachoke pamsewu, uzani a mfumu kapena alonda a nkhalango kumene mukulowera, ndipo tengani munthu wa komweko. Ana 40 a eni ake si oti n'kuwapachika pabatire limodzi.

Nanga inu ana anga muli ku Joni ndi kwina konse, mukamabwera nawo mawotchiwa mudzatibwerekeko tiphunzitsire. Mnzanu uja wabwerera kuntchito, koma asananyamuke anandipempha mapu akale a dera lino. Ndinamupatsa mokondwa.